Kodi Kukana Kubwereketsa Njinga N'kuumira?



Pali dandaulo limene timalimva kawirikawiri m'midzi ndi m'matauni momwe, ndipo limabwera ndi mkwiyo: "Uje amaumira njinga yake ngati kuti adzapita nayo kumanda." Lero tiyeni tikhale pansi tilione bwino dandaulo limeneli. Likuoneka laling'ono, koma lapasula kale maubale ambiri. Alipo apachibale amene sapatsana moni mpaka lero chifukwa cha tcheni cha njinga chimene chinaduka kalekale.

Tiyambe ndi nkhani imene tinaiona ndi maso athu. Mayi wina wamasiye, woyandikana nafe nyumba, anagula njinga yakapalasa atasunga ndalama za mtedza kwa zaka ziwiri. Anaigula kuti azinyamulira katundu wa pa okala yake: sopo, mchere, shuga, machesi, mafuta ophikira ndi usipa. Msika umene amapikulako katunduyo uli patali ndithu. Asanagule njinga ankanyamuka tambala woyamba n'kubwerako dzuwa litapendeka, dengu lili pamutu, khosi likuwawa. Atagula njinga ankapita n'kubwerako anthu asanaphike nsima ya masana.

Mwezi usanathe, mudzi wonse unadziwa njira ya kukhomo kwake. "Odi mayi, tibwerekeko njinga tithamangire kuchigayo." "Odi mayi, mchere watithera." Iye sankakana. Tsiku lina mlamu wake anaitenga kukagulira feteleza. Anamanga matumba awiri a makilogalamu 50 pa kaliyala, iyenso n'kukwera. Anaibweza usiku, n'kuitsamiritsa pakhonde osagogoda n'komwe. M'mawa mayi uja anapeza limu lakumbuyo litapindika, masipoko angapo atathothoka. Atamufunsa, yankho linali lakuti, "Alamu, njinga yanuyi inali yotha kale." Kwa milungu itatu mayiyo anabwerera kusenza dengu, ndipo anakonzetsa njingayo ndi ndalama ya mpamba. Kuyambira pamenepo anagula loko, nayamba kunena kuti ayi. Anthu anati wayamba kunyada.

Tsono tifunsane: wolakwa ndani?

Poyamba tivomereze kuti anthu odandaulawo ali ndi mfundo. Kwathu kuno njinga si choseweretsa. Ndiyo imanyamula chimanga kupita kuchigayo, tomato kupita kumsika, ndi mwana kupita kusukulu. Ndiyo imadyetsa mabanja a anyamata a kabaza. Ndiyo imafikitsa alangizi a zaumoyo kumidzi kumene galimoto silifika nthawi ya dzinja. Komanso njinga imakhala itangotsamira pakhoma maola ambiri pa tsiku. Kodi n'chilungamo kuti ikhale pamenepo pamene gogo wa khomo lachiwiri akuwerama ndi thumba la mgaiwa? Makolo athu anati kupatsa n'kuika. Anatinso mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tikudziwanso china. Mu 1994 akatswiri awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, anafotokoza kuti amayi oyembekezera ambiri amafa chifukwa cha kuchedwa kwa mitundu itatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa kufika kuchipatalako, ndi kuchedwa kulandira chithandizo atafika. Kuchedwa kwachiwiriko ndi nkhani ya mtunda ndi mayendedwe. N'chifukwa chake midzi ina ili ndi njinga za ambulansi, zokoka kangolo kogonekapo wodwala. Mayi akayamba kutaya magazi atabereka, kapena mwana akayamba kukomoka ndi malungo, ola limodzi limalekanitsa moyo ndi imfa. Pa nthawi yotero, loko wa panjinga akhoza kupha munthu.

Koma tisathamangire kuweruza mwini njinga. Chimene obwereka timaiwala n'chakuti njinga imatha. Si ngati moto umene mnzako amapala koma wako n'kumayakabe. Ulendo uliwonse umadya tayala, umatha mabuleki, umatalikitsa tcheni. Katundu wa pa kaliyala amalemera pa gudumu lakumbuyo, ndipo gudumulo likagwera m'dzenje, masipoko ndiwo amamva ululu. Sipoko imodzi ikaduka, zinzake zimasenza katundu wopyola muyezo, kenaka limu limapindika. Njinga za Buffalo, za bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005, anazipanga dala ndi kaliyala wotha kunyamula makilogalamu 100. Njinga zambiri zotsika mtengo zimene timagula m'masitolo sizinapangidwire katundu wotere. Ndiponso matayala, machubu ndi matcheni zimachokera kunja. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya katundu wochokera kunja inakwera, zipangizo za njinga zomwe. Choncho wobwereka njinga satenga nthawi yokha ayi. Amatengako ndi gawo la moyo wa njingayo, ndipo wina ayenera kulipira gawo limenelo.

Vutoli si la kwathu kokha. Anthu a maiko ena anayesapo kugawana njinga popanda lamulo lililonse. Mu 1965, mumzinda wa Amsterdam ku Netherlands, gulu la achinyamata linapaka njinga utoto woyera n'kuzisiya m'misewu zosakhoma, kuti aliyense azikwera n'kusiyira mnzake. Maganizo anali abwino, koma sizinakhalitse. Apolisi anazichotsa ponena kuti njinga yosakhoma imaitana akuba. Patapita zaka zambiri mizinda ina inayambanso kubwereketsa njinga, monga Paris mu 2007, koma tsopano wobwereka amayamba wadziwika ndipo amalipira akachedwa kubweza kapena akaitaya. Ngakhale kumeneko kuba ndi kuononga sikunatheretu, koma phunziro lake n'loonekeratu: chinthu chikakhala cha aliyense chimasowa wochipukuta. Kugawana kumalimba pamene wobwereka ali ndi nkhope, ndipo akudziwa kuti adzayankha.

Tikabwerera kwa mayi wamasiye uja, tikuona kuti amene anatseka khomo si iye. Analitseka ndi mlamu wake. Munthu wobweza njinga yoonongeka mwakachetechete salakwira mwini yekha. Amabera gogo uja amene akanabwereka mawa. Amabera mudzi wonse, pakuti amaphunzitsa aliyense wokhala ndi kanthu kuti kupatsa n'kupusa. Timafulumira kudzudzula woumira chifukwa "ayi" wake timamumva ndi makutu, koma sitifunsa kuti "ayi" ameneyo anabadwira kuti.

Ndiye tichite bwanji? Ife tikuona kuti zopempha sizifanana, ndipo n'kulakwa kuziyeza ndi muyezo umodzi.

Pali pempho la moyo: matenda, uchembere, ngozi, kulumidwa ndi njoka. Apa palibe kukana, ngakhale wopemphayo akhale amene anakulakwirani dzulo. Mwana wodwala sanapinde limu la munthu. Mlandu wa njinga ukhoza kudikira mawa, koma malungo sadikira.

Pali pempho la zofunika pakhomo: kuchigayo, kumsika, kukagula mbewu kapena feteleza. Apa n'kwabwino kubwereketsa, koma mwini ali ndi ufulu wonse wofunsa kuti mukupita kuti, munyamula chiyani, mubwera nthawi yanji, ndipo ikaonongeka tidzatani. Mafunso amenewa si chipongwe. Ndiwo amateteza ubale. Ngati tsiku limenelo ndi lopikula katundu wake, akhoza kunena kuti lero ayi, bwerani mawa, ndipo sanalakwe.

Pali pempho la zosangalatsa: kukaonera mpira, kukacheza, kukamwa mowa. Apa mwini akhoza kukana mtima uli m'malo.

Wina anena kuti, "Mukayamba kuika malamulo, chibale chasanduka malonda. Nanga wosauka amene sangakwanitse kugula ngakhale sipoko imodzi, asabwereke?" Funsoli n'lolemera ndipo sitingalizembe. Yankho lathu n'lakuti kubweza si ndalama zokha. Chinthu choyamba chimene wobwereka amabweza ndi chilungamo. Kugogoda masana n'kunena kuti, "Mayi, ndaononga njinga yanu, ndalama ndilibe lero, koma ndidzakupalirani munda," kumeneko n'kubweza kale theka la ngongole. Kuipukuta matope, kupopa matayala, kuibweza pa nthawi imene munagwirizana, zonsezi sizifuna tambala. Wosauka akhoza kukhala wobwereka wabwino kuposa wolemera, ndipo nthawi zambiri amakhaladi wotero.

Palinso njira ina imene amayi ambiri amaidziwa kale. M'malo moti njinga ipite kumsika kanayi ndi anthu anayi, ipite kamodzi itanyamula zofuna za makomo anayi. Wopitayo afunse kuti ndani akufuna mchere, ndani akufuna sopo, alembe pa kapepala, n'kubweza chenji chonse. Njinga imapuma, nthawi imapulumuka, ndipo kukhulupirirana kumakula. Mutu umodzi susenza denga.

Koma nafenso eni njinga tisadziyeretse. Tili ndi matenda athu. Oyamba ndi bodza. Munthu akabwera timati, "Pepani, tayala laphwa," kenaka madzulo amationa tikupalasa. Bodza lotere limapweteka kuposa kukana, chifukwa limauza mnzathu kuti sitimuyesa woyenera kumva zoona. Ndi bwino kunena poyera kuti, "Ulendo wathawu inabwera yoonongeka ndipo sinakonzedwe, n'chifukwa chake ndikukaika." Matenda achiwiri ndi tsankho. Timabwereketsa msanga kwa aphunzitsi kapena kwa mwana wa amfumu, pamene mayi wovala chitenje chong'ambika timamuyang'ana kawiri. Tikatero sitikuteteza njinga ayi, tikugula ulemu.

Matenda achitatu ali m'nyumba mwathu momwe. M'mabanja ambiri njinga imatchedwa ya abambo, ngakhale inagulidwa ndi ndalama za mbewu zimene tinalima tonse. Bambo amapalasa wopanda katundu kupita kokacheza, mayi akuyenda pansi ndi thumba pamutu, mwana kumsana. Tingadandaule bwanji za mnansi woumira pamene kuumira kwayambira pakhomo? Kugawana njinga kuyambe ndi mkazi ndi ana aakazi a m'nyumbamo. Tiwaphunzitse atsikana athu kupalasa, kumata chubu ndi kubwezera tcheni chikavuka. Palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Kusamala chinthu cha mnzathu kumaonekanso pa kamangidwe ka katundu. Cholemera chikhale pansi ndi pakati, mbali zonse zilingane, ndipo malegeni amangidwe zolimba osasiya nsonga yolendewera. Majumbo olemera asakolekedwe pa zigwiriro, chifukwa amakhotetsa njinga ndipo amatha kulowa m'gudumu. Katundu akachuluka, mabuleki amachedwa kugwira, makamaka potsetsereka ndi pa nthawi ya mvula. Pamenepo kutsika n'kukankha si kufooka. Chitenje chipindidwe kuti chisakodwe m'tcheni. Ndipo chonde, mwana wokhala pa kaliyala miyendo yake isalendewere pafupi ndi gudumu. Tinatsuka mabala ambiri a tizidendene ta ana timene tinalowa m'masipoko, ndipo mabala amenewo amachedwa kupola.

Titsirize nkhani ya mayi uja. Patapita miyezi ingapo, pakati pa usiku, panamveka kugogoda pakhomo pake. Anali mlamu wake yemwe uja, mawu akunjenjemera: "Alamu, mwana watentha thupi, wayamba kukomoka." Mayiyo sanafunse za limu. Anatsekula loko, napereka njinga ndi tochi yomwe, nauza mkazi wa mlamuyo kuti amubereke mwanayo kumsana bwinobwino asanakwere. Mwanayo anachira. Njinga inabwera masana, mlamuyo anagogoda ndi kuthokoza. Ndalama ya limu lija sanaperekebe mpaka lero, ndipo nyengo ya feteleza itakwananso mayiyo anamukaniza njinga, namuuza chifukwa chake pamaso.

Ife tikuti pa zonse ziwirizo mayiyo sanalakwe. Usiku uja anapereka chifukwa moyo suyembekeza kuti milandu ithe. Masana aja anakana chifukwa akanalola kuti njingayo iphedwe ndi feteleza, sipakanakhala chopereka usiku wina wotsatira.

Choncho, amayi anzathu, tisanatchule mnzathu kuti woumira, tiyambe tadzifunsa: chinthu chomaliza chimene tinabwereka tinachibweza chili bwanji, ndipo tinachibweza masana kapena usiku?