Kodi Thabwa la Zithunzi Limanena Zoona za Mtima?

Masiku ano kwabuka chizolowezi pakati pa achinyamata, makamaka a m'masukulu ndi a m'matauni, chosonkhanitsa zithunzi ndi kuzimata pamodzi pa thabwa kapena pa pepala lolimba. Pa Chingerezi chinthuchi achitcha mood board. Chidayambira kwa amisiri osoka zovala ndi okongoletsa nyumba, amene asanayambe ntchito amakhoma pa thabwa tizidutswa ta nsalu, mitundu ya utoto ndi zithunzi, kuti aone ngati zikugwirizana, ndiponso kuti mwini ntchito avomere ndalama zisanaonongeke. Pambuyo pache anthu wamba adatengera nzeruyo, nayamba kuika pa thabwa zokhumba za moyo wao: nyumba imene aifuna, dziko limene alakalaka kukafikako, mau owalimbitsa mtima. Chiyambire chaka cha 2010, pamene Pinterest idatsegulidwa ku America, ambiri achita zimenezi pa foni, osagwira lumo kapena ulimbo.

Akuluakulu asadabwe nazo kwambiri, pakuti nyumba zambiri za kumudzi nazonso zili ndi khoma lomatidwa makalendala akale, masamba a nyuzipepala ndi chithunzi cha ukwati. Chachilendo ndi chakuti achinyamata ati thabwalo liwathandiza kudzidziwa ndi kuonetsa za mumtima mwao. Tsono funso loyenera kuliganizira ndi ili: kodi thabwa lotere limamuuza munthu zoona za mtima wache, kapena limangomunamiza?

Choyamba, nkoyenera kuvomera kuti chithunzi chili ndi mphamvu yophunzitsa. Cha m'ma 600 Serenus, Episkopi wa ku Marseille, adaphwanya zithunzi za m'matchalitchi mwache poopa kuti anthu akuzipembedza. Papa Gregory Wamkulu adamlembera makalata omuyamikira chifukwa choletsa kupembedza zithunzi, koma adamdzudzula chifukwa choziphwanya, popeza munthu wosadziwa kuwerenga amaphunzira pa khoma zimene wophunzira amazipeza m'buku. Ngakhale wodziwa kuwerenga ali ndi zina mumtima zimene sangathe kuzitchula. Mnyamata akafunsidwa chimene afuna pa moyo wache, kawirikawiri amayankha zimene akudziwa kuti akulu akondwa nazo. Koma dzanja lache posankha zithunzi silichenjera chotero: limatola chimene maso akhala akusirira.

Palinso phindu lina, lochokera pa kuika zinthu moyandikana. Aby Warburg, katswiri wa mbiri ya zojambula wa ku Hamburg, adatha zaka zache zomaliza akukhoma zithunzi pa matabwa okutidwa ndi nsalu yakuda, nazisuntha kawirikawiri kuti aone zimene chithunzi chimodzi chiulula chikakhala pambali pa chinzache. Pamene adamwalira m'chaka cha 1929 adasiya matabwa 63 okhala ndi zithunzi pafupifupi 1,000. Zomwezo zichitika pa thabwa la munthu wamba. Mtsikana akamata chithunzi cha amai ache okalamba pafupi ndi chithunzi cha nyumba yokongola ya m'tauni, pamatuluka funso limene zithunzizo pazokha sizikadafunsa: kodi m'nyumba imeneyo muli chipinda cha amaiwo?

Koma tsono pali misampha iwiri. Woyamba ndi wakuti zithunzi zambiri zomatidwa pa thabwa nzobwereka. Zachokera m'magazini ndi pa intaneti, ndipo adazikonza anthu amalonda amene ntchito yao ndi kudzutsa njala mwa wogula. Adasankha nkhope, adakonza kuwala, nachotsa chilema chilichonse. Makolo adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati achinyamata khumi aonetsa matabwa ao, ndipo ponsepo pali galimoto yofanana, nsapato zofanana ndi gombe la nyanja lofanana, kodi umenewo ndi mtima wa yani? Munthu ayesa kuti akulankhula za mumtima mwache, chikhalirecho akungobwereza mau a wamalonda amene sanamuonepo. Choopsa nchakuti m'mawa uliwonse amayerekeza moyo wache weniweni ndi moyo umene palibe munthu adaukhalapo, nayamba kunyoza denga la makolo ache ndi nsima imene yamkuza.

Msampha wachiwiri ngwoipa koposa, ndiwo kusandutsa thabwa chithumwa. M'chaka cha 2006 Rhonda Byrne wa ku Australia adatulutsa buku lotchedwa The Secret, limene lidafalitsa chiphunzitso chakuti maganizo a munthu amakoka zinthu zimene aziganizira. Otsata chiphunzitsochi amamata chithunzi cha chuma, nachiyang'ana tsiku ndi tsiku, nayembekeza kuti chumacho chibwera. Kusiyana kwache ndi chithumwa cha m'chiuno nkochepa: zonsezo ziyesa kulamula za mawa popanda thukuta ndi popanda Mulungu. Ndipo chiphunzitsochi chili ndi nkhanza yobisika. Ngati zabwino zimadza kwa woganiza bwino, ndiye kuti mai wamasiye amene chimanga chache chauma ndi chilala, ndi mwana wodwala malungo, adziitanira okha tsokalo. Munthu wa chifundo sangavomere zimenezo.

Ngakhale ofufuza za maganizo a anthu adapeza kuti kulota mathero sikuthandiza monga kulingalira njira. M'chaka cha 1999 Lien Pham ndi Shelley Taylor a ku University of California, Los Angeles, adafalitsa zimene adapeza pa ophunzira okonzekera mayeso. Ena adauzidwa kuti tsiku lililonse adziyerekeza atakhoza bwino. Ena kuti adziyerekeza atakhala pansi ndi mabuku, akuwerenga. Achiwiriwa ndiwo adawerenga nthawi yaitali, nakhoza bwino kupambana oyambawo. Mtima ukalawa chikondwerero cha kupambana ntchito isanagwiridwe, manja amalefuka. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wapachala ngwa mphepo.

Potero yankho la funso lija lili pawiri. Thabwa limanena zoona za chimene mtima ufuna lero, koma silinena ngati chimenecho nchoyenera kuchifuna. Kuweruza kumeneko ndi ntchito ya nzeru ndi chikumbumtima. Ignatius Woyera wa ku Loyola adapeza muyeso wabwino pa nkhaniyi. Atathyoka mwendo pa nkhondo ya ku Pamplona m'chaka cha 1521, adagona miyezi yambiri akulota ali maso. Nthawi zina ankalingalira za ulemu wa usilikali ndi za mkazi wina wolemekezeka. Nthawi zina za kutsanzira anthu oyera amene ankawerenga mbiri yao. Maloto onsewo ankamkondweretsa pa nthawi yolotayo. Koma adazindikira kuti oyambawo akatha ankamsiya wouma mtima ndi wosakhutira, pamene achiwiriwo ankamsiya ndi mtendere. Sadayese malotowo ndi kukoma kwache, koma ndi chimene adasiya m'mbuyo.

Mwini thabwa angathe kugwiritsa ntchito muyeso womwewo. Akachoka pa thabwa lache, adzifunse ngati watsala ndi mtendere ndi mphamvu yogwira ntchito, kapena ndi nsanje ndi manyazi. Ayang'anenso chimene chikusowa: ngati pali katundu yekhayekha, popanda nkhope ya mbale, ya mnansi kapena ya munthu wosauka, thabwalo lamuululira matenda, ndipo limeneli ndilo phindu lache lalikulu. Potsiriza, pambali pa chithunzi chilichonse cha zokolola aikepo chithunzi cha khasu: wofuna unamwino amate ndandanda ya maola owerengera, wofuna nyumba alembe ndalama zimene asunge mwezi uno. Zithunzi zojambula yekha, kansalu ka chitenje cha agogo ache kapena tsamba la mtengo wa pakhomo zidzanena za iye zoona zambiri kupambana masamba khumi a magazini.

Makolo ndi akatekisti akapeza thabwa lotere m'chipinda cha mwana asafulumire kuling'amba monga adachitira Serenus, ngakhale paoneke zachabe. Mwanayo waika poyera zimene sakadanena ndi pakamwa, ndipo kung'amba pepala sikuchotsa chilakolako, kumangochibwezera mumdima. Koposa akhale naye pansi, aloze chithunzi chimodzi, namfunse modekha chifukwa chimene adachisankhira, ndi amene adzakondwa naye pamodzi akadzachipeza. Mwana amene wafunsidwa chotero kawiri kapena katatu amayamba kudzifunsa yekha, ndipo zithunzi zina adzazichotsa ndi dzanja lache.