Kodi sayansi ingabweze mwana amene wamwalira?

Chibadwire nkhosa yotchedwa Dolly ku Roslin Institute, m'dziko la Scotland, mu 1996, mtsutso wa cloning, kupanga chamoyo chofanana ndi china kuchokera ku selo yake, sunazirale. Nkhosayo inalibe tate. Inapangidwa kuchokera ku selo ya m'bere la nkhosa ina. A mbali yovomereza amafunsa kuti: makolo akataya mwana wawo yekhayo pangozi, cholakwika n'chiyani atatenga selo yake n'kumuberekanso? Iwo amati khalidwe n'chibadwa, make mbuu mwana mbuu, ndipo amaloza kafukufuku wa Thomas Bouchard ku Minnesota, yemwe kuyambira 1979 anatsata mapasa ofanana oleredwa m'makomo osiyana, n'kupeza kuti amafananabe modabwitsa pa nzeru ndi pa mtima.

A mbali yotsutsa amati wobadwayo adzakhala munthu wina, ndipo umboni uli kwa iwo. Zimene Bouchard anapeza n'zoona, koma kafukufuku wa mapasa amasonyezanso kuti chibadwa chimafotokoza pafupifupi theka chabe la kusiyana kwa makhalidwe a anthu. Gawo linalo limachokera ku zochitika za m'mimba, matenda, anzake a mwana ndi zongomugwera zosawerengeka. Ngakhale thupi lenilenilo silituluka chimodzimodzi. Mphaka woyamba kupangidwa motere, CC, anabadwa mu 2001 ku yunivesite ya Texas A&M ali wopanda mawanga achikasu omwe anali pa Rainbow, mwini DNA yake. Nanga Chang ndi Eng Bunker, mapasa olumikizana obadwa ku Siam mu 1811? Anagona pamodzi ndi kudya pamodzi moyo wawo wonse, koma Chang ankakonda mowa kwambiri pamene Eng sankaufuna.

Apa ovomereza amasintha mfundo, ndipo yatsopanoyi ndiyo yolemera. Amati ngati wobadwayo ndi munthu payekha, palibe amene walakwiridwa, pakuti palibe amadandaulira mapasa kuti ali ndi DNA imodzi. Komatu mapasa amayamba ulendo tsiku limodzi, palibe amene watsogola kale. Mwana wa cloning angabadwe moyo wake utayesedwa kale ndi wina. Malemu ankaimba kwaya, iyenso adzayembekezeredwa kuimba. Akadzakonda mpira, makolo adzaona ngati aferedwanso. Ndalama ndi misozi zonse zija anazitayira nkhope yakale, ndiye n'kovuta kuti alandire mlendo wovala nkhopeyo osamufunsa za mwini wake.

Palinso mtengo umene ovomereza amaudumpha mofulumira. Kuti Dolly abadwe, gulu la Ian Wilmut linayesa mazira 277, ndipo nkhosa yamoyo inatuluka imodzi. Kwa anthu, zoyesa zolephereka zoterozo zingakhale mimba zopita padera ndi makanda obadwa odwala, zonse m'matupi a amayi enieni.