Mnzako Akapsa Ndevu Mzimire

Uthenga unalowa pa foni usiku wa Lamlungu, pa gulu la WhatsApp la ife amene tinaphunzira limodzi ku sekondale: mnzathu uja wa ku Kanyama watisiya. Gulu limene limatha miyezi osamveka linadzuka lonse nthawi imodzi. Wina anatumiza chithunzi cha kandulo, wina vesi, wina analemba mndandanda wa mayina ndi nambala yotumizirako chipepeso. Pofika Lachitatu ndalama zinali zitakwana bokosi labwino, basi yopita ku manda a Chingwere, matumba a ufa, nkhuku ndi kabichi wa kusiwa. Amene ankasonkhetsa ndalamazo anatithokoza, nawonjezera mwambi: mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Anthu anatumiza timanja towomba tija mpaka usiku.

Ine mwambiwo unandibaya, ndipo mpaka lero sindinapeze nawo mtendere. Tinautenga ngati chitenje chofunda manyazi athu. Munthu amene tinamugulira bokosiyo ndevu zake zinagwira moto zaka 30 zapitazo, ife tili pomwepo tikuyang'ana.

Za ndevu ndi moto palibe amene afuna kumasuliridwa. Ndevu sizichedwa kunyeka, ndipo amene amaona motowo msanga ndi amene wakhala moyang'anana ndi mwini wake. Mwambiwu ukulankhula kwa munthu wapafupi, ndipo ukumuuza kuti pompano, osati mawa. Ine ndinali wapafupi kuposa wina aliyense, chifukwa tinkakhala pa desiki imodzi.

Tinali mu giredi 9 chaka chimene ndege inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon, mu Epulo 1993, n'kutiphera osewera mpira a timu ya dziko lathu la Zambia. Ndi m'chaka chimenecho momwe tinadziwana kwenikweni. Ine ndinkachokera ku George, iye ku Kanyama. Amene anakhalako ku Kanyama m'nyengo ya dzinja akudziwa zimene ndikunena: pansi ndi mwala, madzi a mvula salowa, amangoima m'misewu n'kusakanikirana ndi zotuluka m'zimbudzi zokumba. Mnzangayo ankatuluka kunyumba nsapato zili m'pepala la pulasitiki, akuponda miyala imene anthu amandandalika m'madzi. Akafika pa mpopi wa kuseri kwa makalasi ankasamba mapazi, kupukuta ndi kansalu, kuvala masokosi, ndipo belu likamalira iye ali kale pampando ngati wachokera kumayadi. Shati yoyera anali nayo imodzi. Ankaichapa madzulo n'kuiyanika pafupi ndi mbaula, motero m'mawa uliwonse pa desiki yathu pankamveka kafungo ka utsi wa makala. Mpaka pano ndikamva fungo limenelo pa chovala ndimatembenuka.

Masamu anali ake. Ine masamu ankandilowa khutu ili n'kutulukira linali, ndipo mayeso a giredi 9 ndinawaoloka atandibereka iye kumsana. Loweruka ndinkapita kwawo, tinkakhala pakhonde mpaka mdima, kenako n'kuyatsa koloboyi. Sankakalipa. Ndikalakwitsa ankangoloza ndi pensulo pamene ndasocherera n'kunena kuti, "Iwe, yambanso apa." Amayi ake ankatipatsa nsima ya kapenta ndi chibwabwa, osafunsa ngati kwathu ndadya.

Zaka zimenezo boma la Frederick Chiluba linali kugulitsa ndi kutseka makampani a boma potsatira mapangano ndi IMF ndi World Bank. Zambia Airways inatsekedwa mu Disembala 1994, kampani ya mabasi ya UBZ inatsatira mu 1995, ndipo m'makomboni monse munadzaza abambo ovala jekete masana opanda kopita. Atate ake a mnzangayo anachotsedwa ntchito pa kampani ina nthawi yomweyo. Tili mu giredi 11, tsiku lina mphunzitsi analowa ndi pepala n'kuyamba kuwerenga mayina a amene sanalipire mafizi. Dzina lake litatchulidwa anaimirira, anapisira shati bwinobwino, n'kukankhira kwa ine kachitini kake ka seti ya masamu, kamene anakolopapo zilembo za dzina lake ndi nsonga ya kampasi. "Iwe, undisungire. Ndibwera Lolemba." Lolembalo silinafike. Kachitiniko kali m'kabati mwanga, kanachita dzimbiri m'mphepete.

Ndivomere kuti pamenepo tinali ana. Amayi anga ankagulitsa vitumbuwa, mafizi angawo ankachokera ku chilimba cha azimayi a pamsika. Komabe m'kalasi lodzaza lija munali ana a ku Kabwata ndi Libala amene makolo awo ankalandira malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo palibe mmodzi wa ife, ine woyamba, amene anapita kwa kholo, kwa m'busa kapena kwa ahedi kukanena kuti mwana wanzeru kuposa tonse akukhala kunyumba. Tinangosendezana pa desiki kuti malo akule. Mlandu umenewo mwina ubwana ungaupepuze.

Wa 2018 palibe choupepuza. Kolera itavuta mu Lusaka kumapeto kwa 2017, boma linaletsa malonda a m'misewu, asilikali analowa m'tauni kukasesa, ku Kanyama kunaikidwa lamulo loti anthu asayende usiku. Zinali zoyenera kuti matendawo aimitsidwe, koma anthu amene ankadya za tsiku lomwelo anatsala manja ali m'khosi. Ndinakumana ndi mnzangayo pafupi ndi msika wa Soweto, ine ndikupita kumene ndinaimika galimoto. Ndinamuzindikira ndi kayendedwe. Ndinafuula kuti, "Iwe! Ndiwe?" Anavula kapusi n'kuyankha kuti, "Ndine, abwana." Liwu limenelo linandiwawa kuposa mbama. Munthu amene ndinadya naye mbale imodzi pakhonde la amayi ake anali kundipatsa ulemu wa mlendo. Anandiuza kuti ankagulitsa nsapato za salaula m'mbali mwa msewu wa Lumumba, kuti masabata okhala pakhomo adya mpamba wonse. "Mukanandibwerekako pang'ono chabe, abwana, ndigule kabelo ndiyambenso." Ndinamupatsa ya basi ndi ya ndiwo, ndinalemba nambala yake, ndinati ndimuimbira mwezi ukatha. Mwezi unatha. Ndinalipira lendi, ndinakonzetsa galimoto, ndinaperekanso ku kitchen party ya mwana wa mnzanga wa kuntchito. Nambalayo ndinaionanso tsiku la uthenga wa maliro, ili m'foni momwe ndinaisungira.

N'chifukwa chiyani maliro timawathamangira, wamoyo n'kumuzemba? Ndaganiza kwambiri ndipo yankho lake silikoma. Maliro amatha masiku atatu. Womwalira sadzaimbanso foni mwezi wamawa kuti malonda sanayende. Ndiponso chipepeso chimalembedwa pa mndandanda, dzina lako ndi ndalama yako pambali, aliyense akuona. Kuthandiza wamoyo kulibe mboni, kumafuna kuti ulowe m'matope a kwawo, umve nkhani yake yonse, mwina ukhumudwe, mwina ubwerenso kachiwiri. Mwambo wathu wa maliro ndi wabwino, ndipo sindikufuna kuti wina aikidwe ngati galu. Koma tisamautchule kuti kuzima ndevu. Pamenepo timakhala tikuolera phulusa.

Mbali yachiwiri ya mwambiwu, yakuti mawa adzazima zako, ndi imene taipotoza kwambiri. Taisandutsa chilimba: ndiponya kwa amene ndikudziwa kuti tsiku langa likafika aponyanso. Pa gulu lathu lomweli, mnzathu wina amene ali ndi udindo waukulu atagonekedwa m'chipatala, anthu anapanga mzere ndi zipatso ndi maenvulopu. Amene uja akhoza kukulembera mwana ntchito. Wogulitsa salaula adzakuzimira chiyani? Koma makolo ponena kuti mawa sankawerengera phindu. Ankatikumbutsa kuti tonse tili ndi ndevu ndipo tonse tikuotha moto umodzi. Ndiponso pa nkhani yanga dongosolo linali litatembenuka kale. Iye ndiye anayamba kuzima zanga, pakhonde paja ndi koloboyi. Satifiketi imene inandilowetsa ku koleji ili ndi dzina langa, koma masamu ake ndi a iye. Ine sindinkapemphedwa chifundo tsiku lija ku Soweto. Ndinali ndi ngongole.

Kusiwa ndinamva kunong'ona kumene ndinkayembekezera: koma paja ankamwa. Inde ankamwa, sindikana. Ndikudziwanso kuti alipo anthu amene ukawazimira lero, mawa amakaikanso chibwano pa mbaula dala. Tinawaona ambiri m'masiku a tujilijili, timapaketi ta mowa tija tisanaletsedwe mu 2012, ndipo ndikudziwa mabanja amene anagulitsa katundu kupulumutsa mwana mmodzi mpaka onse anagwa. Munthu ali ndi ufulu wonena kuti manja anga apsa, pano ndalekeza. Koma mawu amenewo ayenera kutuluka m'kamwa mwa munthu wa zipsera m'manja. Ife amene tinkanong'ona kusiwa kuja tinali ndi manja osalala. Ndipo ndani wa ife anafunsa chimene chinayamba, botolo kapena zaka zoyendayenda ndi mutu wodzaza masamu popanda pepala loonetsa?

Enanso adzati aliyense ndevu zake zikupsa. Pamenepa pali choona. Chilala cha 2024 chinaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ometa, owotcherera zitsulo ndi ogulitsa nyama m'makomboni anakhala osagwira ntchito, ufa unakwera mpaka mabanja ambiri anabwerera ku pamela, timapaketi ta ufa tating'ono tija. Ngakhale wolandira malipiro amasenza abale a kumudzi ku Chipata kapena ku Petauke. Ndikuvomera, ngakhale monyinyirika, chifukwa anthu omwewo a ndevu zopsawo anapeza ndalama ya bokosi m'masiku atatu. Theka la ndalama imeneyo likanagula kabelo ka nsapato mu 2018.

Kuyambira Januwale 2022 boma la Hakainde Hichilema linachotsa mafizi m'sukulu za boma mpaka giredi 12, ndipo mphunzitsi salowanso m'kalasi ndi pepala lija. Ndikamva nkhani imeneyi ndimakondwa, kenaka ndimakhala chete, poganiza kuti mnzangayo anangobadwa msanga. Koma moto sunathe, wangosamuka. Mwana amafunabe yunifolomu, nsapato, mabuku, chakudya cha m'mimba asanayende mtunda, ndi wina womuuza kuti yambanso apa m'kalasi limene ladzaza mpaka pakhomo.

Ku Chingwere, dothi litatha kukwiriridwa, mlamu, mkazi wa malemu, anandikokera pambali n'kundionetsa mtsikana wamtali amene anaima atagwira nkhata ya maluwa. Ali mu giredi 11. "Alamu, uyu ndiye mutu wa atate ake," anatero. "Masamu sam'vuta. Koma akuti asiye, azindithandiza pa kantemba." Madzulo ake ndinalemba pa gulu lija kuti ndalama imene tikusonkhera phwando lokumana kumapeto kwa chaka tiipatutse, isunge mwanayu pasukulu mpaka alembe mayeso. Amene anawerenga ndi ambiri, foni imaonetsa. Amene anayankha ndi atatu, mmodzi mwa iwo mayi wa ku Mtendere amene amasoka zovala ndipo sindikukhulupirira kuti ali ndi zambiri kuposa mlamuyo.

Atatuwo ndi ine tapangana kupita ku Kanyama Loweruka lino. Mvula yayamba, ndiye ndabwereka majombo kwa mnansi. Mlamu wati tikafike m'mawa asanatsegule kantemba, ndipo tibwere ndi muyeso wa nsapato m'maganizo, chifukwa zimene mtsikanayo akuvala ndi za atate ake. Kachitini kaja ndakapukuta dzimbiri ndi mafuta a makina osokera. Kampasi ikadalimo, koma rula inathyoka, ndiyenera kugula ina m'tauni Lachisanu.