Kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa

Phwiti ndi kambalame koti ukakafumbata m'dzanja kamasowa. Kamakhala m'maudzu ndi m'mipanda ya kuseri kwa nkhokwe, kutolatola timbewu ndi gaga wotayikira pamtondo, ndipo mnyamata akakagenda ndi legeni sakaonetsa n'komwe kwa anzake. Njiwa ndi mbalame ina. Ili ndi thupi, ili ndi ulemu wake, ikamalira m'mamawa mudzi wonse umamva. Tsono makolo athu pofuna kuphunzitsa ana za kulimbikira adatenga mbalame ziwirizi n'kuziika pamodzi, nati: kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa.

Liwu limene limandigwira mtima m'mwambiwu ndi lakuti "adakwatira". Akadati adafunsira, bwenzi mwambi ulibe mchere, pakuti kufunsira aliyense amafunsira. Kwathu kuno ku Mchinji tikudziwa kuti ukwati ndi njira yaitali. Kwa Achewa mwamuna amafunsira, ankhoswe amakumana, iye amapita kuchikamwini, amamanga nyumba pamudzi pa eni, amalima apongozi akuyang'ana m'mene wagwirira khasu. Kwa abale athu Angoni palinso malowolo oti munthu awasonkhe. Phwiti adadutsa monsemo mpaka nkhani idatha. Ndipo onani kuti sadayambe wasanduka chiwombankhanga. Adafika kumapeto ali phwiti yemweyo, ndi timiyendo take tomweto.

Mwambi uwu ndikufuna kuuyesa pa ntchito imene ambiri angaitche misala, ntchito yopanga ndege pakhomo.

Aliyense woyenda mumsewu wochokera ku Lilongwe kupita kuchipata cha Mwami amaona amisiri owotcherera zitsulo pa Kamwendo ndi pa Boma. Chimodzimodzinso ku Kapiri ndi ku Mkanda. Amapanga zitseko, mafelemu a mawindo, mbaula, ngolo za ng'ombe, amalimbitsa makaliyala a njinga za kabaza kuti anyamule matumba a mtedza ndi soya. Manja otere ndi amene nthawi zina amalota zazikulu. Mu 2016 atolankhani akunja adalemba za mmisiri wina wa m'chigawo chapakati chomwe chino, munthu amene adayamba ndi utelala asanaphunzire kuwotcherera, yemwe ankapanga helikopita ya munthu mmodzi m'galaja mwake. Adagwiritsa ntchito zitsulo zotolera ndi injini ya njinga yamoto ya 125cc. Anthu ankabwera kudzaonerera, ndipo iye adauzidwa kuti asayese kuuluka akuluakulu oyang'anira za ndege asanaione. Nkhaniyo nditaimva sindidaseke. Ndidaganiza za madzulo onse amene munthuyo ankatsala yekha m'galajamo, oonerera atapita kwawo kukadya nsima.

Pakuti ntchito yotere imakhala yokoma poyamba ndi pomaliza. Poyamba pali chimwemwe cha kujambula papepala ndi kugula chitsulo choyamba. Pomaliza pali khamu la anthu ndi nthungululu. Pakati pakepa ndi pomwe pali chipululu, ndipo ndege zambiri zopangira pakhomo zimafera pamenepo, ngakhale kumayiko olemera.

Ku America kuli bungwe la anthu opanga ndege zawozawo, Experimental Aircraft Association, lomwe Paul Poberezny adayambitsa mu 1953, ndipo chaka ndi chaka amasonkhana ku Oshkosh. Ambiri mwa iwo amagula zipangizo zodulidwa kale kufakitale, iwo n'kumangolumikiza. Komabe ndege ya anthu awiri ya aluminiyamu imatha kudya maola pafupifupi 2,000, ndipo imafuna timisomali toposa 10,000 tokhomerera malata ake. Kamsomali kalikonse kali ndi bowo lake loti liboolewe, lisalazidwe, kenaka kakhomedwe mowongoka. Kakapindika, amakachotsa n'kuyambanso. Tiwerenge limodzi: munthu wogwira ola limodzi tsiku lililonse, osajomba, atenga zaka zisanu ndi theka. Uyo ndi munthu wokhala ndi magetsi osazima ndiponso sitolo ya zipangizo pafupi. Nanga mmisiri wa ku Waliranji, amene magetsi akathima makina owotcherera amagona, amene bawuti imodzi yabwino akaifune ku Lilongwe kapena ku Chipata, amene ndalama ya injini akuyembekeza fodya akagulitsidwe?

Taganizirani chisakasa chake m'chaka chachitatu. Thupi la ndege laima pamatayala, phiko limodzi latsamira khoma, linalo likadali mafupa okhaokha. Nkhuku yaikira pampando wa woyendetsa. Mvula ya Januwale yadontha padenga, dzimbiri layamba kudya polumikizira pamene adaiwala kupaka penti, chiswe chapeza thabwa limene adasiya pansi. Ana amene ankadzazana pakhomo adatopa kalekale, tsopano amangodutsa. Mlamu wake akafika amafunsa kuti, "Alamu, ndege ija tikwera liti?" ndipo funsolo limalasa kuposa chitonzo. Mayi a kunyumba sanena zambiri, angokumbutsa za fizi ya mwana ndi feteleza. Tsiku lina mmisiriyo atseka chitseko cha chisakasa n'kunena kuti ayambiranso akakolola. Akakolola pagwa maliro. Maliro akatha mvula yayandikira, kumunda kukuitana. Palibe tsiku limene adanena kuti wasiya, koma ntchito yafa.

Apa ndi pomwe tiyenera kumvetsa chimene khama lili. Ambiri timaliyesa ukali wa tsiku limodzi, kugwira usiku wonse mpaka manja kutuluka matuza. Ukali wotere umatha msanga ngati moto wa mapesi. Khama la phwiti ndi kubwereranso mawa. Mmisiri amene watsegula chisakasa chake madzulo alionse, ngakhale kwa mphindi 20 zokha, n'kusalaza kachitsulo kamodzi, ali patsogolo pa mnzake amene akudikira mwezi wopanda zochita. Mweziwo sudzabwera. Ntchito ikakhala miyezi itatu osaigwira, munthu amaiwala pamene adalekezera, sakumbukanso chifukwa chimene adadulira chitsulo chakutichakuti motero, ndipo mantha oyambiranso amakula kuposa ntchito yeniyeniyo. N'chifukwa chake opanga ndege amasunga kope lolembamo tsiku, maola ndi chimene achita. Kopelo limathandiza woyendera ndege akabwera, koma limathandizanso mwini wake pa tsiku la ulesi, akatsegula masamba n'kuona kuti mtolo umene ali nawo udasonkhanitsidwa pang'onopang'ono.

Anthu awiri amene adayamba kuuluka ndi ndege ya injini yowongoleka anali okonza ndi kugulitsa njinga zakapalasa. Wilbur ndi Orville Wright anali ndi shopu yawo ku Dayton, m'chigawo cha Ohio, ndipo palibe mwa iwo amene adapita kuyunivesite. Mu 1900 ndi 1901 adayesa ndege zopanda injini pamchenga wa ku Kitty Hawk. Ya 1901 idawakhumudwitsa kwambiri, chifukwa mapiko ake ankanyamula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu imene iwo adawerengera. Adabwerera kwawo mitima ili pansi. Chimene adachita kenaka ndicho ine ndimachitcha khama lenileni. Sadapangenso ndege yomweyo n'kumayembekeza mwayi. Adakhoma bokosi lamatabwa lotalika pafupifupi mamita awiri, n'kumapemereramo mphepo, nayesamo timapiko tating'onoting'ono pafupifupi 200, kulemba manambala m'kope tsiku ndi tsiku. Ntchito yotopetsa, yopanda woonerera. Ndege yawo ya 1902 idauluka bwino maulendo mazanamazana. Injini yopepuka itasowa pamsika, makaniko wa m'shopu mwawo, Charlie Taylor, adawapangira. Zitsulo zozunguza mapulopela zitang'aluka, Orville adabwerera ulendo wonse wa ku Dayton kukapanga zina. Pa 17 Disembala 1903 ndege idanyamuka, idakhala m'mwamba masekondi 12, n'kutera patali mamita 37. Ulendo wachinayi tsiku lomwelo udatenga masekondi 59.

Masiku asanu ndi anayi m'mbuyo mwake, pa 8 Disembala, ndege ya Samuel Langley, mkulu wa Smithsonian Institution, amene boma lidamupatsa madola 50,000, idagwera mumtsinje wa Potomac kachiwiri. Njiwa idapita kwa okonza njinga.

Koma ndingakhale ndikunama ndikanena kuti khama lokha limanyamula munthu m'mwamba. Mphepo ilibe chisoni, sidziwa kuti wavutika zaka zingati. Ku France, Henri Mignet adatulutsa mu 1934 buku lophunzitsa munthu wamba kupanga kandege kotchedwa Pou-du-Ciel. Anthu mazanamazana adayamba kukhoma m'makomo mwawo ndi mtima wonse. Pofika 1936 angapo anali atafa, chifukwa kandegeko kakaloza mphuno pansi kwambiri sikankathekanso kukadzutsa. Akatswiri atakayesa m'nyumba yopemerera mphepo adapeza vutolo, ndipo kapangidwe kake kadakonzedwa. Amene adafawo sanali aulesi. Chidawapha ndi cholakwika chimene maso awo sakadatha kuchiona.

Tsono mmisiri wathu akauzidwa kuti adikire oyang'anira za ndege, asaone ngati ndi nsanje. Imeneyonso ndi mbali ya chikamwini. Injini ya njinga yamoto ili ndi malire a mphamvu zake, chitsulo cha mafelemu a mawindo ndi cholemera, ndipo thupi la ndege likalemera kuposa chimene mapiko anganyamule, kulimba mtima sikusintha sikelo. Ku America ndege yopangira pakhomo imayenderedwa kaye ndi woyendera wovomerezeka, kenaka imayesedwa m'dera loikika isanaloledwe kunyamula anthu okwera. Munthu wakhama amavomera kumasula phiko limene adalipanga miyezi isanu ndi umodzi ngati wodziwa wamuonetsa kuti n'lokhota. Kukana kudzudzulidwa ndi liuma, ndipo liuma limafanana nkhope ndi khama mpaka tsiku la ngozi. Si manyazinso kutsata mapulani a ena. Bernard Pietenpol wa ku Minnesota adapanga mu 1929 ndege yamatabwa yoyendera injini ya galimoto ya Ford Model A, ndipo anthu akutsatabe mapulani ake mpaka lero chifukwa adayesedwa kale.

Ife a ku Mchinji ntchito yokhalitsa tidaiona ndi maso. Njanji yolumikiza Mchinji ndi Chipata, yosakwana makilomita 30, idayambika mu 1982. Idaima zaka zambiri, udzu n'kumera, ana obadwa chaka chimenecho n'kukula, kukwatira, kubereka. Idatsegulidwa mu Ogasiti 2010, patatha zaka 28. Ngati maboma okhala ndi nduna ndi mainjiniya adatenga nthawi yotere pa kamtunda koti wakabaza amakatha tsiku lomwelo, tisafulumire kunyoza munthu mmodzi amene ndege yake yafika chaka chachisanu ndi chiwiri. Komanso njanjiyo ikutiuza kuti ntchito yosiyidwa imatha kudzukanso.

Kwa anansi athu ku Kasungu, William Kamkwamba wa ku Wimbe adasiya sukulu nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku mitengo ya bulugamu, fani ya thalakitala ndi dayinamo ya njinga. Anthu ankamuyesa wamisala pamene ankatoleza zitsulo kudzala. Chimene timaiwala n'chakuti iye adayambira m'laibulale yaing'ono, kuwerenga ndi kufunsa tanthauzo la mawu amene sankawamva. Ku Kasungu komweko boma ndi UNICEF adatsegula mu 2017 dera loyeserako timandege topanda woyendetsa, ndipo mu Januwale 2020 ku Lilongwe sukulu ya African Drone and Data Academy idayamba kuphunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa timandege totere. Mnyamata wa ku Mkanda amene mtima wake uli m'mwamba angayambe ndi kandege kakang'ono kotero, kamene kakagwa kamangothyoka phiko, iye n'kuphunzirapo ali moyo.

Mawu anga omaliza apite kwa inu amene muli ndi ndege yosatha kuseri kwa nyumba, kaya muli pa Boma, ku Kapiri kapena tsidya lija la Chipata. Khalani pansi ndi mayi a kunyumba, mugwirizane ndalama imene ndege izidya pamwezi, kuti isadye fizi ya ana, pakuti ntchito yolimbana ndi banja simudzaimaliza. Pezani munthu mmodzi wodziwa kuposa inu, makaniko wa ndege kapena mphunzitsi wa sayansi, amene angakuuzeni zoona ngakhale zowawa. Musalonjeze anthu tsiku louluka. Ndipo madzulo ano, dzuwa lisanalowe, tsegulani chisakasacho, chotsani nkhuku pampando, palani dzimbiri polumikizira pamodzi, pakani penti, kenaka lembani tsiku la lero m'kope lanu. Mawa mudzatsegulenso.