Tchuthi cha uchembere sichifika ku Chunga

Mu 2021 Zambia idanyadira. Nelly Mutti adakhala mayi woyamba kusankhidwa kukhala Sipikala wa Nyumba ya Malamulo, ndipo Mutale Nalumango adalowa pampando wa wachiwiri kwa pulezidenti, pomwe padali Inonge Wina kuyambira 2015. Nzosangalatsa ndithu. Koma wofuna kudziwa ngati amayi akukweradi pantchito akaime pasiteji ya minibasi kukomboni ya Chunga m'bandakucha. Amene akukankhana pachitseko, nsapato zosinthira zili m'pepala la pulasitiki, ndi amayi opita kukachapa ndi kulera ana a eni kumayadi a Kabulonga ndi Woodlands. Ena sakwera n'komwe. Amangolowera kudzala lalikulu la Chunga kukatola mabotolo okagulitsa pasikelo.

Lamulo lilipo. Employment Code Act ya 2019 imapatsa mayi woyembekezera tchuthi cha masabata 14, komanso imapatsa mayi aliyense wapantchito tsiku limodzi lopuma pamwezi lomwe aliyense amalitcha Mother's Day. Pamene pagona nkhani ndi apa: malipiro athunthu a tchuthicho ndi a munthu amene wagwira kwa bwana mmodzi zaka ziwiri zosadukiza, ndipo ndalamazo zimachoka m'thumba mwa bwanayo. Ndiye bwana amawerengera. Alemba mnyamata, kapena akalemba mtsikana ampatsa kontirakiti ya miyezi yochepa kuti zaka ziwirizo zisakwane. Potuluka m'chikuta, mayi apeza pamalo pake pali wina, akayambirenso pansi kwina, pomwe mwamuna amene adalowa naye tsiku limodzi ndi supavaiza tsopano. Kenaka timati amayi alibe chidwi ndi maudindo!

Ine ndimaona kuti mtolo umenewu usamasenzedwe ndi bwana mmodzi. Timasonkha kale ku thumba la penshoni la NAPSA ndi ku inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA mwezi ndi mwezi. Chingalepheretse n'chiyani kuti malipiro a uchembere azichokeranso m'thumba la tonse, kuti kulemba mayi kusamaoneke ngati kugula ngongole?

Komanso ife ophunzira tisadzichotsepo. Ambiri timafika kumisonkhano nthawi yabwino chifukwa pali mayi wa kukomboni amene watsala ndi ana athu, wake wamusiyira mlongo wake wamng'ono. Timam'lipira pamanja, popanda pepala lililonse. Tsiku lomwe adzatiuze monong'ona kuti "Madamu, ndili ndi pakati," ambiri timayamba kufunsa kutchalitchi ngati pali mtsikana wina wofuna ntchito.