Phula pa cholembera cha mtengo

Safunsa anadya phula. Munthu uja anapeza zisa za njuchi, koma posafuna kufunsa odziwa, anatafuna phula n'kusiya uchi.

Mwambiwu umandikumbutsa amisiri osema zolembera zamtengo pa makina ozungulira otchedwa lathe. Kachidutswa ka phingo kapena mlombwa amakaboola, n'kulowetsamo kapaipi kachitsulo ka mamilimita 7, kenaka n'kumasema kakuzungulira mpaka kasalale. Wongoyamba kumene akamaliza amathamangira kupaka phula. Cholembera chimawala, mtima n'kukhala m'malo. Koma phula silipirira thukuta la m'manja. Pakapita masabata ochepa kuwala konse kwatha. Akanafunsa, odziwa akanamuuza za guluu wa CA, amene amapakidwa kangapo n'kuuma ngati galasi. Apa ndiye kudya phula kwenikweni!

Vuto ndi loti diso la mwini limakonda ntchito yake. Cholemberacho ukampatsa mmisiri wakale, sayamba n'kuyang'ana. Amayendetsa chala pamene mtengo wakumana ndi chitsulo, ndipo pakakhala kampanipani kapena kakhonde kotuluka, chala chimagwa m'mbuna pomwepo. Kenaka amachipendeketsa padzuwa, tizikanda tozungulira ta sandipepa n'kuonekera poyera. Mankhwala ake ndi osavuta: kuzimitsa makina n'kukwecha motsata mitsempha ya mtengo usanasinthe sandipepa.

Abale ndi anansi pamenepa sathandiza kwenikweni. Iwo amangoti “chokongola bwanji,” n'kupempha chawo. Wofunika kumufunsa ndi uja amakwinya nkhope, n'kukubwezera cholembera akuti, “Bwererani nacho pamakina, achimwene.”