Buku la Mbiri Muzilifunsa Mboni Zake

Adzukulu anga, inu amene mwalowa m'makoleji ndi inu amene mukadali ku Folomu 4, pali mabuku amene mumawathawa. Ndikunena mabuku onenepa aja a mbiri ndi a kakhalidwe ka anthu, opanda zithunzi, okhala ndi timalemba ting'onoting'ono kunsi kwa tsamba kapena kumapeto. Mumawatsegula mayeso akayandikira, n'kuchita fotokope masamba atatu, basi n'kuwabweza ku laibulale. Ena mwa inu simuwathawa koma mumawaopa: chimene pulofesa walemba ndiye chatha, palibenso kufunsa. Wothawa ndi woopa, onsewo sanawerenge.

Buku lotere muzilitenga ngati munthu amene wabwera kudzanena mlandu pabwalo la mfumu. Mfumu yanzeru sigamula chifukwa wolankhulayo wavala jekete. Imafunsa kuti, unalipo kodi? Anakuuza ndani? Nanga mnzakoyu akuti chiyani? Timalemba ting'onoting'ono tija ndito mboni za wolembayo. M'menemo ndi mmene amaulula kuti nkhani iyi anaipeza m'kalata ya bwanamkubwa, iyo anaimva kwa nkhalamba ya kumudzi wakuti. Wowerenga wodumpha timalembato wamva chigamulo osamva mlandu.

Tengani nkhani ya John Chilembwe, amene nkhope yake mumaigwira pandalama tsiku ndi tsiku. Nonse mukudziwa kuti anaukira atsamunda pa 23 Januwale 1915, ndi kuti anaphedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho. Koma amene anayamba kulemba nkhaniyi ndi boma lomwe linamupha, mu lipoti la komiti yofufuza limene linatuluka mu 1916. Ndiponso mu 1919 moto unapsereza maofesi a boma ku Zomba, mapepala ambiri akale n'kupita. Ndiye pamene George Shepperson ndi Thomas Price ankalemba buku lawo la Independent African, limene linatuluka mu 1958, anachita kutolera zidutswa: makalata a amishoni, nyuzipepala za anthu akuda a ku America kumene Chilembwe anapita ndi Joseph Booth mu 1897, ndi kalata imene iye mwini analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu 1914 yodandaula kuti Aafirika akufera nkhondo ya eni. Bukulo ndi lolemera, ndipo likadali tsinde la zonse zolembedwa za Chilembwe. Koma silinatseke nkhani. George Simeon Mwase, ali m'ndende ya Zomba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930, anali atalemba kale zake, atazimva kwa Wallace Kampingo, mkaidi mnzake amene anamenya nawo nkhondoyo. Zolemba za Mwase zinagona m'mafayilo mpaka 1967. Kenako mu 1987 Landeg White anatulutsa Magomero, atakhala pansi ndi anthu a m'midzi ya pa esiteti ya Bruce, amene makolo awo analima thangata pansi pa William Jervis Livingstone. Mabuku atatu, nkhani imodzi, mboni zosiyana. Mukawerenga limodzi lokha mudzakhala ndi mayankho a mayeso. Mukawerenga onse atatu mudzayamba kuganiza.

Koma buku limene ndimafuna mwana aliyense wa kuno alione ndi la Megan Vaughan, The Story of an African Famine, la mu 1987, lonena za njala ya 1949 m'boma la Blantyre. Mayiyu anayamba ndi mafayilo a atsamunda. M'menemo akuluakulu a boma ankakangana: ena ankati anthu achuluka ndipo nthaka yaguga, ena ankati alimi atengeka ndi fodya n'kusiya chimanga. Akanalekera pomwepo, bwenzi buku lake lili lofanana ndi ambiri, lonena za mvula ndi matumba a chimanga. Iye anapita kumidzi ya cha ku Lunzu ndi Lirangwe kukafunsa amene anaiona njalayo. Amuna anamusimbira za maulendo ataliatali okasuma chakudya. Akazi anasimba zina. Iwo ankakumbukira 1949 monga chaka chimene amuna anathawa mabanja, akamwini kubwerera kwawo n'kusiya mkazi ndi ana. Ndipo zambiri sanazinene pofunsidwa ayi, zinatuluka m'nyimbo za pamtondo.

Apa imani pang'ono, adzukulu anga. Nyimbo imene agogo anu aakazi ankaimba posinja, imene inu mumaiyesa yachimidzi, munthu wa ku yunivesite anaitenga kukhala umboni wolemera mofanana ndi lipoti la DC. Ndipo nyimbozo ndizo zinaonetsa chimene mafayilo sanaone: kuti njala sigwira anthu mofanana. Mwamuna wolembedwa ntchito anali ndi podalira. Mkazi wosiyidwa ankayesedwa kuti ali ndi mwamuna womudyetsa, pamene mwamunayo anali atapita kalekale. Amene akugawa chimanga cha thandizo lero, kaya ndi a boma kaya a mabungwe, akanawerenga buku limenelo bwenzi akufunsa mafunso ena asanalembe maina m'kaundula. Ndikamva wina akuti maphunziro a mbiri sadyetsa munthu, ndimangoti uyu sanalione bukuli.

Musaganize kuti ntchitoyi ndi ya azungu okha. Yohanna Abdallah anatulutsa mbiri ya Ayao m'Chiyao mu 1919. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, anatolera mawu a akuluakulu n'kulemba Mbiri ya Achewa m'chinenero chathu chomwechi, ndipo inachita kumasuliridwa m'Chingerezi mu 1973 kuti akatswiri akunja nawonso aigwiritse ntchito. Pambuyo pake kunabwera a Kings Phiri, a Owen Kalinga amene analemba za ufumu wa Angonde, a D. D. Phiri, ndi a Elias Mandala amene analemba za ntchito ndi chakudya m'chigwa cha Shire. Koma nawonso muziwafunsa. Ntara anali mwana wa mishoni, ndipo mafumu amene ankamusimbira anali ndi chifukwa chokwezera maufumu awo. Kukhala Mmalawi sikuchotsa munthu pabwalo la mafunso.

Muziyang'ananso chaka chimene buku linasindikizidwa, chifukwa chaka chimakuuzani zimene wolemba sakanatha kunena. Kuyambira 1968 kunali lamulo lokhazikitsa bungwe loletsa mabuku, ndipo pambuyo pa mkangano wa nduna wa mu 1964, maina monga Chipembere ndi Chiume anali osatchulidwa poyera. Munthu wolemba mbiri ya ufulu wathu ali m'dziko muno nthawi imeneyo ankayenda mosamala kwambiri. Yerekezani buku lililonse la m'zaka za m'ma 1970 ndi la John McCracken, A History of Malawi, la mu 2012, mudzaona anthu amene anasowa akubwerera m'nkhani. Kusowa kwa dzina nakonso ndi umboni.

Ndikudziwa zimene mukufuna kundiyankha: mabukuwa ndi odula, ambiri amasindikizidwa kunja, ndipo Chingerezi chake n'cholimba. N'zoona, ndipo n'zopweteka kuti mawu a agogo athu amapita ku Cambridge n'kubwerera ndi mtengo umene mdzukulu wawo sangakwanitse. Komabe a Kachere ku Zomba asindikiza mabuku ambiri otere konkuno, ndipo malaibulale a m'mayunivesite ndi a National Library Service alipo. Za Chingerezi cholimbacho, kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani ndi mawu oyamba, pamene wolemba amanena chimene akutsutsa ndi amene akutsutsana naye. Kenako werengani mutu umodzi wokha, koma ndi mboni zake zomwe. Mutu umodzi wowerengedwa motero uposa mabuku khumi a fotokope.

Mwana amene anali ndi zaka khumi pa njala ya 1949 lero wapitirira zaka 85. Amene anaona zipolowe za 1959 nawonso akutha. Tchuthi chikubwerachi, foni yanuyo ili ndi chojambulira mawu. Pitani kwa agogo anu, mupemphe chilolezo, mufunse za chaka chimodzi chokha, ndipo mulembe dzina la mudzi ndi tsiku limene mwacheza nawo. Mukatha, kafunseninso mnzawo wa tsidya lina la dambo, mumve ngati anena zofanana.